Tikiti ya ndege kapena silinda ya helium? Mmene mabungwe a kemisitiri amathandizira asayansi ongoyamba kumene

M'labu ina imene ndinalowamo zaka zingapo zapitazo munali makina aakulu ngati firiji yogoneka, atafunditsidwa chitenje kuti fumbi lisawalowe. Amene ankandionetsa malowo anali mphunzitsi wachinyamata, woti wangobwera kumene kuchokera kunja ndi digiri yaudokotala ya kemisitiri. Anavundukula chitenjecho pang'ono, monga tichitira poona nkhope pamaliro, n'kunena kuti makinawo ndi abwinobwino, angosowa mpweya basi. Mpweya wake ndi helium, umene umabwera m'masilinda kuchokera kunja, ndipo ndalama yogulira inali isanapezeke. Koma chaka chomwecho mnyamatayo anali atapita ku misonkhano iwiri ya kunja, ulendo wonse wolipiriridwa ndi mabungwe a akatswiri a kemisitiri.

Ndikamamva za mgwirizano wa mabungwewa pothandiza asayansi ongoyamba kumene, ndimakumbukira chitenje chimenecho. Mgwirizanowo ulipodi, ndipo wakula kwambiri m'zaka makumi awiri zapitazi. Chofunika kumvetsa ndi mmene umayendera, chimene umakwanitsa, ndi pamene umalekezera.

Tiyambe ndi mabungwewo. Pafupifupi dziko lililonse limene lili ndi akatswiri a kemisitiri ochulukirapo lili ndi bungwe lawo. Ku America kuli American Chemical Society, imene inayamba mu 1876. Ku Britain kuli Royal Society of Chemistry, imene inapangidwa mu 1980 pophatikiza mabungwe akale, lina mwa iwo la mu 1841. Ku Germany kuli GDCh, ku South Africa kuli South African Chemical Institute ya mu 1912. Awa si maofesi a boma ayi. Ndi magulu a mamembala amene amasonkha ndalama pachaka, kuchititsa misonkhano, kupereka mphoto ndi kusindikiza magazini a zakafukufuku. Ntchito yomalizayi ndiyo imasiyanitsa olemera ndi osauka. Bungwe la ku America ndi la ku Britain amapeza ndalama zambiri pogulitsa magazini ndi nkhokwe za zolembedwa kwa mayunivesite ndi makampani a dziko lonse, pamene mabungwe ambiri a muno mu Africa amadalira kangachepe ka mamembala, ndipo mlembi wake amakhala mphunzitsi yemwe amagwira ntchito ya bungwe usiku akamaliza kuchonga mayeso.

Pamwamba pa onsewa pali IUPAC, mgwirizano wa dziko lonse wa za kemisitiri, imene inakhazikitsidwa mu 1919. Aliyense amene anaphunzirako kemisitiri kusekondale anakumana nayo osadziwa, chifukwa ndiyo imaika malamulo a katchulidwe ka mankhwala, ndiponso ndiyo imavomereza mayina a maelementi atsopano, monga anayi aja a mu 2016: nihonium, moscovium, tennessine ndi oganesson. Munthu salowa IUPAC ngati membala wovota payekha. Dziko limalowa kudzera m'bungwe limodzi loliimira, ndipo limalipira chaka ndi chaka ndi ndalama zakunja. N'chifukwa chake mayiko a mu Africa amene ali ndi mpando kumeneko ndi ochepa.

Nanga "wongoyamba kumene" ndani? Mabungwe amasiyana pang'ono, koma ambiri amatanthauza munthu amene akuchita maphunziro apamwamba a kafukufuku kapena wangowamaliza zaka zochepa zapitazo, kawirikawiri wosapitirira zaka 35 zakubadwa. Nthawi imeneyi ndi yoterera. Pamene anali wophunzira ankagwiritsa ntchito labu ya mphunzitsi wake, mankhwala a mphunzitsi wake ndi dzina la mphunzitsi wake. Akamaliza amayenera kuima payekha. Kuti apeze ndalama za kafukufuku ayenera kuonetsa zimene wasindikiza, koma kuti asindikize ayenera kukhala ndi ndalama zochitira kafukufukuyo. Ambiri amathera pamenepa. Ena amakhala aphunzitsi osafufuzanso kanthu moyo wawo wonse, ena amabwerera kunja kumene anaphunzira, osadzabweranso.

Achinyamata eniake ndiwo anayamba kudzisonkhanitsa. Ku Germany anapanga JungChemikerForum mu 1997. Ku Ulaya konse kunabadwa European Young Chemists' Network mu 2006, pansi pa mgwirizano wa mabungwe a kumeneko wotchedwa EuChemS. Kenaka mu 2017, pamsonkhano waukulu wa IUPAC ku São Paulo m'dziko la Brazil, anakhazikitsa International Younger Chemists Network, gulu la dziko lonse. Gululi limodzi ndi IUPAC linachita chinthu chosangalatsa pokonzekera 2019, chaka chimene tebulo la maelementi la Mendeleev linkakwanitsa zaka 150 ndipo IUPAC inkakwanitsa zaka 100: anasankha achinyamata 118 ochokera m'mayiko osiyanasiyana, aliyense n'kumupatsa elementi yake patebulopo. Wina angati n'zamasewera. Koma kwa munthu amene akufunsira ndalama za kafukufuku koyamba, mzere umodzi woterewu pa CV umachititsa oweruza kuima kaye n'kuwerenga bwino.

Pali mgwirizano umodzi umene ndimakonda kuutchula chifukwa umaonetsa mmene zinthu zimakhalira ogwirizanawo akakhala ofanana mphamvu. Kuyambira mu 2001, achinyamata a nthambi ya American Chemical Society ya dera la Boston ndi anzawo a ku Germany akhala akuchezerana: gulu lina lipita kukaonetsa kafukufuku wake pamsonkhano wa anzawo, nawonso adzabwera. Onse akabwerera kwawo amapeza makina akuyenda, magetsi ali ngwee, mankhwala oitanitsa Lolemba atafika Lachitatu. Kwa iwo ulendo ndi ndiwo zoonjezera pa nsima imene ilipo kale. Wachinyamata wa ku Zomba, Kitwe kapena Kumasi akapatsidwa ulendo womwewo, nthawi zina amakhala walandira ndiwo popanda nsima.

Izi sizikutanthauza kuti Africa wangokhala pansi kudikira. Mu 2006 ku Addis Ababa kunakhazikitsidwa Federation of African Societies of Chemistry, ndipo dziko la Ethiopia ndilo linatsogolera pempho ku United Nations kuti 2011 chikhale chaka cha kemisitiri padziko lonse, patatha zaka 100 Marie Curie atalandira mphoto ya Nobel ya kemisitiri. Chakumapeto kwa 2007 Royal Society of Chemistry inayambitsa Pan Africa Chemistry Network, mothandizidwa ndi kampani ya Syngenta, n'kuikhazikitsa ku Nairobi chaka chotsatira. Gululi linadzakhala ndi malikulu ku Kenya, Ethiopia, Ghana ndi Nigeria.

Pa zonse zimene gululi lachita, chimene chikuyenera kuunikidwa mofatsa ndi maphunziro a makina otchedwa GC-MS, omwe aja anafunditsidwa chitenje. Ndifotokoze kaye chimene makinawa amachita, chifukwa popanda kutero nkhani yonse ya mgwirizano imangomveka ngati ya maulendo ndi zakudya za kuhotela.

Tiyerekeze kuti mukufuna kudziwa ngati tomato wa pamsika ali ndi mankhwala ophera tizilombo otsalira. Mumamupera, n'kumusakaniza ndi madzi a mankhwala amene amasungunula ndi kukoka zimene mukufunazo. Mukasefa bwinobwino mumatengako kadontho kochepetsetsa, gawo limodzi la magawo 1,000 a mililita, n'kukabaya m'makinamo ndi kajakisoni. Mmenemo mumatentha pafupifupi madigiri 250, choncho kadonthoko kamasanduka nthunzi. Mpweya wa helium umakankha nthunziyo kudutsa m'kapaipi kotalika mamita 30, koma kopyapyala ngati ulusi, kokulungidwa mkati mwa uvuni. Mankhwala ena amakonda kumamatira m'mbali mwa kapaipiko ndipo amachedwa, ena amathamanga. Zili ngati anthu otuluka m'tchalitchi: onse anyamukira limodzi, koma ena amaima kupereka moni pakhomo, ndipo pofika pamsewu aliyense ali payekha. Mankhwala aliwonse akatulukira kumapeto amalowa m'chipinda chopanda mpweya, mmene amaswedwa tizidutswa, ndipo makina amayeza kulemera kwa kachidutswa kalikonse. Kaswekedwe ka mankhwala aliwonse n'kakekake, ngati chidindo cha chala. Kompyuta imafananitsa chidindocho ndi zimene ili nazo kale n'kukuuzani dzina.

Taonani tsono zimene zikufunika kuti zimenezi zitheke. Helium woyera kwambiri. Magetsi osathimathima, chifukwa pampu imene imachotsa mpweya m'chipinda chija imayenera kuyenda usana ndi usiku, ndipo ikaima mwadzidzidzi pamatenga maola ambiri kuti makina akhazikikenso, mwinanso china chake chimapsa. Pamafunika mankhwala oyerekezera, odziwika kale kuchuluka kwake, amene amagulidwa kunja m'timabotolo ting'onoting'ono todula. Pamafunika timarabala totseka pobayira jakisoni paja, timene timatha msanga, ndipo kamodzi kakabooka zotsatira zonse zimasokonekera. Koposa zonse pamafunika munthu amene saopa kutsegula makinawo, kutulutsa mbali imene yada, kuitsuka ndi kuibwezera. Makina ambiri amene agona m'malabu a mu Africa sanafe imfa yeniyeni. Anangodwala kamatenda kakang'ono, koma injiniya wa kampani yake ali ku Johannesburg kapena ku Ulaya, ndipo kumuitana ndi ndalama yoposa bajeti ya dipatimenti ya chaka chonse.

Apa ndi pamene maphunziro aja analasa. Anayambira ku Jomo Kenyatta University of Agriculture and Technology ku Kenya, kumene Pulofesa Anthony Gachanja ndi mnzake wa ku Britain, Steve Lancaster, anayamba kuphunzitsa anthu pamakina enieni, kuwalola kumasula ndi kumanganso ndi manja awo. Mu 2016 Royal Society of Chemistry inagwirizana ndi kampani yopanga mankhwala ya GSK kwa zaka zisanu kuti maphunzirowa afalikire ku Ghana, Nigeria ndi Ethiopia, cholinga chili chophunzitsa asayansi oposa 400. Mfundo yaikulu inali yakuti mwa ophunzirawo mutuluke aphunzitsi a konkuno. Mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Mphunzitsi wochokera ku London amakhala sabata imodzi, pamene wa ku Kumasi mukhoza kumuimbira foni mwezi wa mawa makina akayamba kulira modabwitsa. Kwa ine, mwa mitundu yonse ya thandizo, uwu ndiwo umafika pamene pali bala.

Wina angafunse kuti zimenezi zikumukhudza bwanji mlimi. Tengani mtedza. Chuku chimene chimamera pa mtedza wosauma bwino chimatulutsa poizoni wotchedwa aflatoxin, amene amawononga chiwindi. Mayiko a European Union salola mtedza woti anthu adye mwachindunji ngati poizoniyu wapitirira mamaikulogalamu 4 pa kilogalamu, kutanthauza magalamu 4 okha m'matani 1,000 a mtedza. Diso silingaone zimenezi, lilime silingalawe. Poizoniyu amayezedwa ndi makina a mtundu wina, achibale a GC-MS, koma vuto ndi lomwelo: pakapanda munthu wodziwa kuyeza molondola ndi labu yodalirika, dziko limatumiza katundu mongoganizira, n'kukamva ali padoko la eni kuti wakanidwa.

Mtundu wina wa thandizo suoneka ndi maso, koma unasintha zambiri: mwayi wowerenga. Kale wofufuza wa kuno ankangoona mutu wa nkhani ya kafukufuku pa intaneti, akati atsegule n'kuuzidwa kuti alipire madola makumi angapo pa nkhani imodzi. Ndondomeko ya Research4Life, imene inayamba ndi HINARI ya World Health Organization mu 2002, inatsegulira mayunivesite a mayiko osauka magazini ambirimbiri, ndipo Malawi ili m'gulu la mayiko olandira mwaulere. Koma khomo lina likutseguka, lina likutsekeka. Masiku ano magazini ambiri amati owerenga asalipire, alipire wolemba, ndipo mtengo wake umafika madola masauzande pa nkhani imodzi. Mabungwe ena amakhululukira olemba a m'mayiko osauka, koma wolembayo ayenera kudziwa kuti mwayiwo ulipo ndi kuupempha nthawi yake isanadutse. Zoterezi munthu samazipeza m'buku. Amazimva kwa mnzake amene anadutsamo kale, ndipo apa ndiye phindu lenileni la misonkhano ija, ngakhale ndinayamba ndi kuinyogodola.

Inde, ndisaipondereze kwambiri misonkhano. Wachinyamata akaima pambali pa posita yake maola awiri, pulofesa wina wa ku Japan kapena ku Canada n'kuima, kufunsa mafunso atatu ovuta, kenaka n'kunena kuti "tumizani zinthu zanuzo tikakuyezereni kwathu", ulendowo wabweza ndalama zake. Kafukufuku wambiri wochitira limodzi amayamba choncho. Vuto ndi lakuti misonkhano ikuluikulu imachitikira kutali. Ya IUPAC imachitika zaka ziwiri zilizonse: São Paulo mu 2017, Paris mu 2019, wa Montréal mu 2021 unachitikira pa intaneti chifukwa cha Covid-19, The Hague mu 2023, Kuala Lumpur mu 2025. Pamndandandawu palibe mzinda wa mu Africa. Ndipo ngakhale tikiti ilipiridwe, pamatsala viza, imene bungwe la kemisitiri lilibe nayo mphamvu. Mabungwe ena amati munthu ayambe wadzilipirira yekha, adzamubwezera akabwerako. Kwa mphunzitsi wolandira makwacha, kumeneko n'kumuuza mwaulemu kuti asapite.

Commonwealth Chemistry inayesa njira ina. Mgwirizanowu unakhazikitsidwa mu 2020 ndi mabungwe a m'mayiko a Commonwealth, ndipo kuyambira pachiyambi unaika ongoyamba kumene patsogolo. M'malo mosiya kuti amene ali ndi ndalama ndiye abwere, unakonza zoti mayiko, aakulu ndi aang'ono omwe, atumize achinyamata awo molipiriridwa. Msonkhano woyamba unachitikira pa intaneti mu 2021, wachiwiri ku Trinidad and Tobago mu 2023, wachitatu ku Stellenbosch m'dziko la South Africa mu 2025. Malawi, Zambia ndi Mozambique onse ndi mamembala a Commonwealth, choncho khomo limeneli silili kutali nafe. Koma pali phunziro lobisika apa limene achinyamata ambiri saliona. Makalata oitanira anthu ku zinthu zoterezi kawirikawiri amadzera ku bungwe la dziko. Ngati bungwe la kwanu lagona, mlembi wake anapuma ntchito kalekale ndipo palibe amene amatsegula imelo, mwayi umabwerera pakhomo. Ndaonapo achinyamata akunyoza bungwe lawo kuti lilibe phindu, akukana kusonkha, osadziwa kuti ndilo kiyi wa zitseko zakunja zimene akuzisirira.

Ndalama zenizeni za kafukufuku, zogulira helium uja, sizichokera kwenikweni ku mabungwe a kemisitiri okha. Zimabwera iwo akagwirana manja ndi ena. Kuyambira mu 2013 IUPAC, UNESCO ndi kampani ya feteleza ya ku Russia ya PhosAgro akhala akupereka ndalama zofika madola 30,000 kwa asayansi achinyamata ofufuza njira zopangira zinthu mosawononga chilengedwe. OPCW, bungwe loletsa zida za mankhwala limene linalandira mphoto ya Nobel ya mtendere mu 2013, limathandizanso kafukufuku, maphunziro a m'labu ndi kusamutsa makina ogwiritsidwapo kale ntchito kupita kumene akusoweka. TWAS, bungwe la akatswiri a sayansi la ku Trieste m'dziko la Italy limene wasayansi Abdus Salam anayambitsa mu 1983, limapereka ndalama za zipangizo ndi maphunziro kwa asayansi a mayiko osauka. Muone kuti pambali pa dzina la bungwe pamakonda kukhala dzina la kampani: Syngenta, GSK, PhosAgro. Sindikunena kuti n'kulakwa. Ndikungoti mgwirizano wa kampani umakhala ndi tsiku lothera, ndipo wofufuza mankhwala otsalira m'zakudya ayenera kudziwa amene wamulipirira maphunziro.

Chitsanzo chimene chinaphuka bwino kwathu kuno sichinachokere ku bungwe la mamembala, koma mabungwewo angatolepo nzeru. International Science Programme ya ku Uppsala University m'dziko la Sweden inayamba mu 1961, ndipo nthambi yake ya kemisitiri mu 1970. Njira yawo ndi yothandiza gulu la ofufuza kwa zaka zambiri, osati munthu mmodzi kwa sabata imodzi. Wophunzira amalembetsa digiri kwawo, n'kumapita kunja miyezi ingapo kukagwiritsa ntchito makina amene kwawo kulibe, kenaka n'kubwerera. Motero mizu siizuka, ndipo funso limene akufufuza limakhala la kwawo. Ku Chancellor College ku Zomba, kafukufuku wa mmene njere za chamwamba ndi dothi la makande zimakokera zitsulo zoopsa monga mtovu m'madzi anayenda mothandizidwa ndi njira imeneyi, ndipo mmodzi mwa amene anachita ntchitoyo, Samson Sajidu, anadzakhala mkulu wa University of Malawi. Thandizo lotere limachedwa kuonetsa zipatso, ndipo silikoma pachithunzi ngati gulu la achinyamata atanyamula masatifiketi. N'chifukwa chake opereka ndalama ambiri salikonda.

Ndipo thandizo lakunja limatha kuuma usiku umodzi. Mu 2021 Britain inatsitsa ndalama zothandizira mayiko osauka kuchoka pa 0.7 kufika pa 0.5 peresenti ya chuma chake, ndipo ntchito zambiri za kafukufuku zochitira limodzi ndi mayunivesite a mu Africa zinadulidwa zili pakati. Mu 2023 boma la Sweden nalonso linaimitsa ndalama za kafukufuku wa zachitukuko zimene zinkadzera ku Swedish Research Council. Zikatere pulofesa wamkulu amapulumuka chifukwa ali ndi malipiro ake okhazikika. Amene amagwa ndi wophunzira wa chaka chachiwiri cha digiri yaudokotala ndi wofufuza wa kontilakiti ya zaka ziwiri. Mayiko a mu African Union anagwirizana kalekale kuti aziika 1 peresenti ya chuma chawo pa kafukufuku, koma pafupifupi onse sanafikepo. Bungwe la ku London kapena ku Washington likhoza kuphunzitsa munthu kutsuka makina, kumutsegulira magazini, kumudziwitsa kwa anzake. Silingalipire bilu ya magetsi ya labu ya yunivesite ya boma chaka ndi chaka, ndipo sitiyenera kuyembekezera kuti litero.

Pali gulu lina limene mgwirizanowu umaliiwala kawirikawiri: matekinishani. Mphoto, maulendo ndi mipando ya m'makomiti zimapita kwa a madigiri audokotala, koma amene amayatsa makina m'mawa, kusintha silinda ndi kudziwa kuti pampu yayamba kulira mwachilendo ndi tekinishani, amene mwina sanakwerepo ndege. Dokotala uja akhoza kukwezedwa n'kukhala woyang'anira dipatimenti, kapena kusamukira ku Gaborone. Tekinishani amakhala pomwepo zaka makumi awiri. Polemba mayina a opita ku maphunziro a makina, dzina lake liyenera kukhala loyamba, ngakhale zimenezi zimawawa kwa ena a ife.

Mnyamata wa chitenje uja ndinadzakumana nayenso patapita nthawi. Helium anali atafika, atagulidwa ndi ndalama za kafukufuku amene analemba limodzi ndi mayi wina wa ku yunivesite ya kunja, yemwe anadziwana naye pa umodzi wa misonkhano iwiri ija. Makina anayenda miyezi isanu ndi iwiri, ophunzira atatu anamaliza ntchito zawo. Tsiku limenelo anali akulemba kalata yofunsa mtengo wa kachipangizo kena kamene kanapsa magetsi atabwera mwamphamvu, ndipo chitenje chinali chitapindidwa bwinobwino pampando wapafupi.